Tiasilikali ta Malemu Murray

Lolemba, 13 Julayi

A Noreen, mkazi wa mnzanga Murray, abweretsa bokosi lija lero m'mawa. Bokosi la nsapato, lokulunga ndi thaulo ngati muli mazira. M'katimo muli gulu lomaliza la malemu Murray: asilikali a mtovu 72, aliyense theka la chala kutalika kwake, a ku America aja a majekete a mtundu wa phulusa, a nkhondo ya 1814. Opentedwa ndi 60. Otsala 12 ndi mtovu wokhawokha, bulashi sinawakhudze. Mnzanga uja anatisiya m'Malichi ntchito ili pakati.

Lamulo la kukalabu yathu ya masewera a nkhondo ndi lomwe lija, ndipo ndinalilemba ndine kalekale: msilikali wosapentedwa sakwera patebulo, gulu losakwanira sililowa m'nkhondo. Palinso mwambo wathu. Membala akamwalira, gulu lake limamenya nkhondo komaliza pa masewera a pachaka, ikatha wamasiye amasankhapo msilikali mmodzi wopita naye kunyumba. Masewerawo ndi Loweruka la pa 25, tsiku lenileni la nkhondo ya ku Lundy's Lane. Masiku 12, asilikali 12. Ndikalephera, Murray sakwera patebulo. Basi.

A Noreen akuti, "Alamu, zaka 31 sindinapondemo m'chipinda chanu cha pansi pa tchalitchicho. Tsiku limenelo ndidzabwera, ndidzaone chimene chinkandilanda mwamuna Lachinayi lililonse." Potuluka anawonjezera kuti, "Ndabweretsa kwa inu poti kapentedwe kake mukukadziwa. Si kuno ankabwera Lachiwiri lililonse?" Lachiwiri? Murray sanabwerepo kuno Lachiwiri. Ndinangogwedeza mutu. Chisoni chimasokoneza munthu masiku.

Lachiwiri, 14 Julayi

Otsala 12 aja ndawapala timizere ta chikombole ndi kampeni, ndawatsuka ndi sopo, ndawapaka penti woyamba. Kenako ndinakhala ola lathunthu ndikuyang'ana asilikali a Murray aja pansi pa galasi lokulitsira. Munthu ameneyu anali mmisiri. Zaka ziwiri zomalizazi manja ake ankanjenjemera moti khofi ankathira theka la kapu kuopa kutaya, koma taonani mithunzi ya m'makwinya a majeketewa: yofewa, yoderako pang'ono, yolowa mpaka pansi pa malamba. Kasakanizidwe kake sindikukadziwa, koma ndikapeza. Zaka 38 ndinkapanga mano oikirira ofanana ndi a mwiniwake, ndiye jekete la phulusa lingandikanike?

Bernice wandipeza ndili chiweramire. Akuti, "Mukanati muzindiyang'ana choncho ine mkazi wanu, bwenzi ndili mfumukazi." Ndati makwinya ake ndimawaona popanda galasi. Chakudya chamasana ndadzikonzera ndekha.

Lachinayi, 16 Julayi

Kukalabu. Mlatho wa pangalande unali utakwezedwa, sitima ya tirigu ikukwawa ngati ikuperekeza maliro, ndiye ndinafika mochedwa nkupeza a Hollis, apampando athu, atayamba kale kuwerenga malamulo a masewera a pa 25. Munthu amawerenga za kuponya madayisi, timiyala ta madontho tija, ndi kuyeza ndi tepi ngati akuwerenga buku la Levitiko. Zaka 20 ali pampando, nkhondo imene anapambanapo sindikuikumbuka.

Ndiye Réjean. Wachitini. Analowa kalabu zaka zinayi zapitazo atapuma ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo mpaka lero amapenta ngati akupenta geti. Kapentedwe kake: kupaka mitundu itatu mwachisawawa, kumugwira msilikali ndi chopanira, kumuviika m'chitini cha vanishi woderako wopaka matabwa a pansi m'nyumba, kumukutumula panja, basi wamaliza. Vanishiyo akakhazikika m'makwinya, iye akuti ndi mithunzi. Maso sapenta. Mabatani sapenta. Asilikali 40 pa sabata, ndipo anthu amamuombera m'manja.

Lero wandiyandikira donasi ili kukamwa, shuga ali ndevu zonse. "A Wendell, khumi ndi awiri aja bwanji tigawane? Kapena mungondipatsa onse, pofika Lamulungu akhala atauma." Ndinamuuza pamaso pa anthu onse kuti asilikali a Murray si madonasi oviika mu khofi. Ndinatulutsa mmodzi wa 60 aja amene ndinanyamula m'thumba nkumuonetsa. "Tayang'anani apa. Iyi ndiye timati bulashi. Chitini chanu chija chingachite zimenezi?" Anamutenga, kumutembenuza uku ndi uku, kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndi wokongola ndithu," nkundibwezera. Anthu anaseka. Murray akanakhalapo akanaseka kuposa onse, nthabwala ya madonasiyi ankaikonda.

Lachisanu, 17 Julayi

Nkhope 12, maso 24. Woimba ng'oma anatuluka maso ali tong'o ngati waponda njoka, ndamufufuta nkuyambiranso. Msana ukuwawa.

Loweruka, 18 Julayi

Majekete. Phulusa lenilenilo ndalipeza msanga, koma mthunzi uja ayi. Ndayesa wakuda wothira madzi, akuoneka ngati agwera m'makala. Ndayesa wofiirira, akuoneka ngati agona m'matope. Wa Murray uli pakatikati, ndipo umangotsetsereka wokha popanda mzere wa bulashi ngakhale umodzi. Ankachita bwanji munthu wonjenjemera manja? Nanga bwanji sanandiuze? Zaka 31 tinkauzana zonse, ngakhale za kwa dokotala zosanena pagulu.

Ndinapita kusitolo ya masewera kukagula penti wina. Kumbuyo kwake kuli azibambo a ndevu zawo akusewera ndi zilombo za pulasitiki zosapenta n'komwe, zina zopanda mikono, eniake osachita manyazi. Wogulitsa akundifunsa ngati ndamvapo za penti watsopano wongopaka kamodzi basi. Ndinamufunsa ngati iye wamvapo za ulemu.

Lamulungu, 19 Julayi

Kutentha kwayamba. Bernice wabwera ndi dengu la mapichesi oyamba, akadali olimba ngati miyala, koma akuti ndidye.

Ndinafoletsa onse 72 patebulo, anga nditawasakaniza pakati, nkumuitana kuti aloze anga. Ali chiimire pakhomo, magalasi osavala, waloza 11. Mmodzi anapulumuka chifukwa anabisika kuseri kwa mbendera. Akuti, "Anuwo ndi aukhondo kwambiri, ngati akupita ku ukwati. A Murray akuoneka kuti ayenda mtunda." Ndiye ananunkhiza bokosi lija nkunena kuti likumveka ngati holo ya tchalitchi akangopaka pansi. Ndati a Noreen ayenera kuti ankalisunga m'kabati ya masache. Mkazi ameneyu mphuno yake ndi yaupolisi.

Lolemba, 20 Julayi

Mabatani, malamba, mfuti, udzu wa pansi pa mapazi. Ndamaliza kutatsala masiku asanu. Anga ndi abwino, kunama ayi, koma akafola pamodzi ndi a Murray amaoneka alendo. Ndaganiza zowapopera onse 72 vanishi wosawala uja. Akauma, onse amaoneka a m'nyumba imodzi.

Masana foni. Wachitini. Nambala yanga anamupatsa ndani? A Hollis, ndithu.

"A Wendell, pepani kukusokonezani. Mwamva zanyengo? Kuyambira mawa chinyezi chikwera kwambiri, mpaka Lachisanu. Ngati mukuganiza zopopera, musayerekeze. Pakani ndi bulashi. Ndili naye vanishi wabwino, ndingathe kukubweretserani."

Ndinamuthokoza mmene timathokozera anthu ogogoda pakhomo ndi timapepala. Ine kuphunzitsidwa za chinyezi ndi munthu wopenta mageti! Ndinayamba kupopera vanishi iye asanadziwe kuti Lundy's Lane ili mbali iti. Ndipopera mawa m'mawa kusanatenthe, m'galaja.

Lachiwiri, 21 Julayi

Ndawawononga. Onse.

Ndilembe bwinobwino, mwina mtima ukhala pansi. Ndinawafoletsa pakatoni m'galaja cha m'ma 8. Mpweya unali wolemera kale, malaya atamatirira kumsana, simenti ya pansi ili chinyontho. Ndinaona. Ndinadziwa. Ndine amene ndakhala ndikuuza anthu zaka zonsezi kuti vanishi wopopera akakumana ndi chinyezi amakola madzi a mumpweya nkuuma moyera. Koma ndikangoyang'ana bulashi ndinkamva mawu a Réjean akuti pakani ndi bulashi. Ndiye ndinakhutchumula chopoperacho nkupopera. Kawiri.

Patatha mphindi 20 ndinabwerera kukaona. Mbuu, onse, ngati awazidwa ufa. Nkhope palibe, malamba palibe, mbendera yangokhala kansalu koyera. Anga 12 zilibe kanthu. Koma 60 aja, ntchito yomaliza ya manja a Murray, imene sangadzukenso kudzaikonza.

Bernice anandipeza nditakhala pachidebe. Anayang'ana pakatonipo, anandiyang'ana ine, nkubwerera m'nyumba.

Lachitatu, 22 Julayi

Ndayesa pa anga. Madzi ofunda, palibe. Dzuwa, palibe. Mswachi wakale, ndamuchotsa mphuno wonyamula mbendera ndipo ufa ukadalipo. Mankhwala osungunulira penti achotsa ufa, inde, koma pamodzi ndi jekete lomwe. Awiri amene ndawawonongawo ndawakonzanso. Pa a Murray sindinayerekeze kukhudza.

A Noreen aimba. Mwana wawo akubwera kuchokera ku Sudbury, ulendo wonsewo pagalimoto, kudzaona asilikali a bambo ake. "Zikuyenda, alamu?" Ndati zikuyenda. Ndanamiza wamasiye dzuwa likuswa mtengo. A Hollis nawo aimba kufunsa ngati gulu lakwana, akuti akufuna kulemba pa pepala lawo. Munthu ameneyu nyumba itayaka angayambe wafuna cholembera.

Bernice pa chakudya: "Munthu amene anakuchenjezani uja ndiye kuti akudziwanso mankhwala ake." Ndati kuli bwino ndiwameze mmodzimmodzi kusiyana n'kupita kwa Wachitini. Akuti, "Yambani ndi woimba ng'oma, ndi wamng'onoko. Mukakhuta, makiyi a galimoto ali m'mbale, ndipo kumene amakhala ndakulemberani kale."

Lachinayi, 23 Julayi

Ndinapita kwa Réjean ku Welland cha m'ma 10, bokosi lili pampando wakutsogolo nditalimanga lamba. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamuyankhe akandiseka.

Sanaseke. Zinandinyansa kwambiri. Galaja yake ndi yaukhondo kuposa yanga, izinso zinandinyansa. Anatsegula bokosi, kuimba kamluzu, nkuti, "Mwapopera kawiri." Basi. Anatenga botolo la polishi wamadzimadzi wopukutira pansi m'khitchini, kunyowetsa bulashi yotha tsitsi, nkupaka msilikali mmodzi wa Murray kuchokera kuchipewa mpaka kunsapato. Ndinatsala pang'ono kumugwira mkono. Koma ufa uja unasungunuka ine ndikuona. Nkhope inatuluka, malamba, mabatani, mthunzi uja, zonse. Ndinakhala pampando umene unali pafupi ndi tebulo lake logwirira ntchito.

"Umenewo ndi mpando wake," anatero.

"Wa ndani?"

"Wa Murray. Lachiwiri lililonse, zaka ziwiri."

Iye osandiyang'ana, akupaka wachiwiri. Akuti manja atayamba kuvuta, Murray anabwera ndi asilikali asanu m'thumba la jekete nkunena kuti bulashi yaing'ono yamukana. Ndiye ankapaka yekha mitundu ikuluikulu, Réjean nkumugwirira chopanira, nkumaviika m'chitini. Mthunzi umene ndausaka sabata yathunthu ndi vanishi wa matabwa.

Ndati, "Bodza. Asilikali a Murray ali ndi maso. Inu maso simupenta."

"Anga sindipenta, ndimaona ngati n'kutaya nthawi. Akewa ndinkamupentera ndine, maso ndi mabatani omwe. Ankati akabwera nawo opanda maso mudzadziwa. Uja munandionetsa sabata yatha, nkhope yake ndi yanga. Zikomo poyamikira, bwana."

Ndinafuna nthaka itseguke. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze ine, mnzake wa zaka 31.

"A Wendell, kodi mumadzimva mukamalankhula?" Anaika bulashi pansi. "Tsiku limene munayambitsa za madonasi zija, Murray anaseka mpaka misozi. Lachiwiri lake anabwera kuno tinaviika 20. Ankati, 'Wendell akadziwa sadzandinyoza ayi. Adzangosiya kunyamula asilikali anga nkumawayang'ana.' Ankaopa chimenecho."

Anandipatsa bulashi ina, yothanso tsitsi, tinakhala madala awiri tikupaka polishi wa m'khitchini pa asilikali 72, wailesi yake ikuimba nyimbo za Chifalansa zosamveka mutu wake. Anandipatsa khofi wowawa ngati mankhwala. Pashelefu panali kapu ina yokhala ndi mzere wa penti pakati pake, pothera theka. Sindinafunse.

Atauma tinawafoletsa. Onse abwerera. Koma anga 12 akuonekerabe patali, aukhondo, a ku ukwati. Réjean anati, "Anuwa ndi abwino kuposa athu, sindikukunyengererani. Koma si a gulu limeneli." Anatsegula chitini chija ndi sikuludalaiva. Fungo lake ndi la m'bokosi lija ndendende. Anandipatsa chopanira.

Masiku asanu ndi awiri a ntchito. Maso 24, ena opentedwa kawiri. Ndinaima nthawi yaitali, iye akupukuta tebulo loyerayera kale kuti asandiyang'ane. Ndinayamba ndi woimba ng'oma. Ndinamugwira mapazi, kumuzondotsa, nkumumiza yense. Anatuluka akudontha zakuda ngati wagwera m'ngalande. Réjean anafuula kuti, "Panja, mukutumuleni kanayi, mwamphamvu, kutali ndi matimati anga!" Ndinakutumula. Nditamuyang'ana padzuwa, zakuda zija zinali zitathawira m'makwinya ndi pansi pa malamba, zofewa, zoderako pang'ono. Anali wa Murray.

Kukalabu sindinapite. Ndauza a Hollis kuti gulu lakwana.

Lachisanu, 24 Julayi

Ku Welland kachiwiri. Auma. Tawapaka vanishi wosawala, ndi bulashi, mmodzimmodzi. Khofi wake sanasinthe.

Kunyumba ndawafoletsanso nkuitana Bernice. Wavala magalasi, wayandikira, waloza atatu, onse olakwika. Ananunkhiza nkundiyang'ana. Ndati asayambe. Akuti, "Ine ndanena kanthu?"

Ndakwiya naye Murray. Zaka ziwiri akuseka nthabwala yanga kwinaku akudutsa pa msewu wanga Lachiwiri lililonse kupita ku Welland. Ndikatha kumukwiyira ndimakumbukira kangati ndinainena nthabwalayo iye ali pambali panga, manja atabisa pansi pa tebulo, ndipo manyazi amandigwira.

Loweruka, 25 Julayi

A Hollis anawerenga malamulo mphindi 25. Ndinayang'ana wotchi. Tebulo linali lokongola, ndivomere: nsalu yobiriwira, kaphiri ka mizinga pakati, katchalitchi ndi manda ake. A Noreen anatsika masitepe atagwirana mkono ndi mwana wawo, atavala ngati akupita ku mapemphero, anthu onse nkuimirira, ngakhale aja sadzuka ndi moto womwe.

Gulu la Murray ndinaliyendetsa ine. A Hollis analiwerenga ndi chala, 72, nkulemba. Tinalanda kaphiri ka mizinga, tinakasunga maulendo atatu, kenako madayisi anandikana ngati mmene ankamukanira mwiniwake, ndipo tinathamangitsidwa. A Noreen anafunsa mwana wawo chapansipansi kuti, "Ndiye zaka 31 zonsezi n'zimenezi?" Koma maso sanachotse patebulo.

Itatha nkhondo tinawafoletsa kuti asankhe. Anavala magalasi, kuwerama, kuyenda mzere wonse pang'onopang'ono. Anadutsa mtsogoleri wa pahatchi, anadutsa wa mbendera. Ananyamula woimba ng'oma.

"Uyu. Taonani nkhopeyi, inu. Manja akunjenjemera chonchija, koma anakwanitsa. Dzanja lake ndingalidziwe paliponse."

Pakamwa panga panatseguka pokha, poti ndi ntchito yake kukonza anthu. Réjean anali kumapeto kwa tebulo, donasi m'manja, akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani. Ndinati, "Ndi wake ndithu, alamu."

Anamufumbata m'dzanja. Kenako anandigwira mkono nkuti, "Zikomonso chifukwa cha masiku a Lachiwiri aja. Matenda atakula, ndi tsiku lokhalo limene ankabwera kunyumba akuimba mluzu."

Ndikanatha kungogwedeza mutu ngati tsiku lija. Ndinati, "Za Lachiwiri si ine, alamu. Sankabwera kwanga. Thokozani bambo awo ali ndi shuga m'ndevuwo." Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndimafunira, aliyense anamva.

A Noreen anandiyang'ana, anayang'ana Réjean, nkuyamba kuzungulira tebulo kupita kumene anali. Iye anasowa poika donasi, anaiponya m'thumba la malaya, nkumapukuta manja pa thalauza.

Ine ndinatsala ndikulongedza 71 otsalawo m'bokosi la nsapato. Ndinayesa kupatula anga, ndinalephera kuwadziwa.